Amayi Felistus Njobvu, Mphunzitsi wa Heda ndi Futa

Amayi Felistus Njobvu anabadwira ku Katete, ndipo anabwera ku Lusaka ali mtsikana kudzaphunzira kutaipa. Anagwira ntchito pa kampani ina ya boma mpaka pamene inagulitsidwa, antchito onse n'kuuzidwa kuti azipita kwawo. Chaka chomwecho amuna awo anamwalira, kuwasiyira mwana mmodzi, Cephas. Ngakhale pamenepo, Misa ya m'mawa sanaiphonye.

Parishi yathu ya ku Mtendere italandira makompyuta akale, amayiwa anadzipereka kuphunzitsa achinyamata kwaulere. Pamene ankaumirira kwambiri ndi pa mzere wa pamwamba pa tsamba ndi wa pansi, imene ana amati heda ndi futa. Ophunzira ankakankha mawu ndi batani la sipesi mpaka aoneke ngati ali pakati, koma pepala likatuluka, mutu unkapendekeka ngati denga la kantemba, kagolosale ka m'mbali mwa msewu.

"Imwe, heda si wilibala yakuti muzipusha," ankatero akuseka. "Tinikani batani la tabu, izankala pamalo pake."

Ana a eni anaphunzira, ena n'kupeza ntchito m'tauni. Wawo yekha ndiye ankakana. Cephas anasiya sukulu n'kulowerera ku kachasu wa ku komboni ya Kalikiliki, ndipo mtima wa mayi unasweka. Ku mphakati ankamupempherera osatchula dzina, ngakhale aliyense ankadziwa.

Ufa unakwera mtengo, magetsi n'kumazima tsiku lonse, kenako matenda a shuga anawatseka maso. Sanasiye ayi. Magetsi akabwera, ophunzira ankawagwira dzanja mpaka m'kalasi, iwo n'kumatchera khutu. Sipesi ikalira kuti tatata, ankadziwa kuti wina akukankhanso heda.

Tsiku lina masana anamva kulira koteroko pa mpando wa kumapeto. Anapapasa mpaka kumeneko, nagwira manja a wophunzirayo kuti awalondolere. Atangowagwira manjawo, anawazindikira nthawi yomweyo.

"Ndine, Mami," anatero Cephas. "Nachedwa maningi."

"Wabwela, mwana wanga," anayankha, misozi ili chuchuchu. "Leta chala, nikulangize."

Mulungu anawapatsa milungu yochepa chabe yophunzitsa mwana wawo. Atadwala, analandira sakramenti la odwala, ndipo Lamlungu m'mawa anatsikira kuli chete, kolona ili m'manja. Ambuye amene anawatumikira osadandaula awalandire. Kalasi yawo sinatsekedwe, ophunzira akale akusinthana kuphunzitsa.

Pulogalamu ya maliro anataipa ndi Cephas, osalola wina kukhudza kompyuta. Dzina la amayi ake linakhala pakati penipeni pamwamba pa tsamba lililonse, nambala ya tsamba ili pansi molunjika. Pepala loyamba litatuluka, anatembenuka nalo msanga kuyang'ana pamene amayi ake ankakhala m'kalasimo.

"Mami, yankala bwi..."

Sanamalize. Anangoima pomwepo ndi pepala lake m'manja.