Njinga ya Che Yusufu

Sabata imeneyo ndinali nditaphunzitsa ana a Fomu 3 kuti mpweya wotsekeredwa ukatenthedwa umakankha mwamphamvu chinthu chomwe ulimo. Ndinachita kulemba pabolodi kawiri. Loweruka lake ndinabwereka njinga kwa Che Yusufu, telala woyandikana nane nyumba ku Balaka, kuti ndipitire kumsonkhano wa chipani. Ndinaipopa mpaka tayala linalimba ngati mwala, kenako ndinakaitsamiritsa padzuwa la Okutobala.

Atcheya ali mkati molankhula, tayala lija linaphulika. Anthu anadzigwetsa pansi poganiza kuti ndi mfuti. Nanenso ndinadzigwetsa, ngakhale ndinkadziwa bwino chomwe chalira. Achinyamata a chipani anainyamula njinga ija m'mwamba.

"Mwini wake ndani? Akufuna kusokoneza msonkhano?"

Ine ndinangoyang'ana nsapato zanga. Zinkafunika polishi. Che Yusufu, omwe anabwera wapansi chifukwa cha ine, anaimirira n'kunena kuti, "Ndi yanga, bwana." Anawatenga, ndipo anawakhazika padzuwa akuwapanikiza ndi mafunso mpaka madzulo.

M'mawa mwake ndinawapititsira chubu chatsopano, ndikudandaula kuti matayala a masiku ano ndi osalimba. Anachilandira osasiya kupalasa makina awo osokera.

"Iyayi, aphunzitsi, tayala linalibe vuto," anatero. "Akuti mpweya ukatentha umafuna malo. Wandifotokozera mwana wanga Asiyatu. Akuti munawaphunzitsa ndinu Lachitatu, ndipo anamva bwino kwambiri."

Ndinawayankha kuti Asiyatu ndi mwana wanzeru, n'kutuluka.