Masiku Atatu Osala a Mayi Elube

Wilibala imodzi ya miyala yoswa, imene omanga nyumba amaitcha kwale, inkawabweretsera Mayi Elube K2,500, ndipo kuti idzaze pankafunika tsiku lathunthu ndi theka la linzake. Ndalama imeneyi ndiyo inkalipira chipinda chawo cha lendi ku Area 23, ndiyonso inaphunzitsa mwana wawo mmodzi yekhayo, Lucious, mpaka Fomu 3, bambo ake atamwalira. Zaka khumi ndi chimodzi anakhala m'mphepete mwa msewu wafumbi wopita ku Kaliyeka, miyendo atatambasula, nyundo ili m'manja, mwala uli m'kati mwa mkombero wa tayala lakutha kuti zidutswa zisamwazike. Zikhatho zawo zinali zitauma ngati chikopa cha ng'oma.

Chuma chawo chenicheni chinali mbiri. Chichokereni kwawo ku Kasinje m'boma la Ntcheu ali mtsikana, mowa sanaulawepo. Ngakhale thobwa logonera ankalikana. Kutchalitchi anali mtsogoleri wa amayi, ndipo banja likagwedezeka m'deralo anthu ankangoti, "Kaitaneni amake Lucious."

Mbiri yomweyo ndiyo inawalanda mwana. Loweruka lina m'chaka cha 2021, akuchapa, anapeza kampukutu ka chamba m'thumba la buluku la Lucious. Sanamuitanire m'nyumba kuti akambirane. Anatulutsa zovala zake zonse ndi kuziponya pabwalo, amayi onse a pa lendi ali pamzere wa pa mpopi.

"Ine sindinabereke woledzera!" anakuwa motero. "Nyumba ino ndi yopemphera. Tuluka, ndipo usadzanenenso kuti ndine mayi ako."

Lucious, amene anali ndi zaka makumi awiri, anatola zovalazo chimodzichimodzi, nakutumula fumbi, nachoka. Lamlungu lotsatira mlaliki anawatchula Mayi Elube monga chitsanzo cha kholo lolimba mtima, mpingo wonse nuwomba m'manja.

Chaka chotsatira msana unayamba. Poyamba unkapweteka madzulo okha, kenako ululu unatsikira m'mwendo wamanzere, moti ankadzuka pamulu wa miyala mogwira pansi ngati mwana wophunzira kuyenda. Apa ndi pamene Zebedee anaonetsa chifundo chake. Zebedee anali dobadoba, munthu wogula kwale kwa amayiwo ndi kukagulitsa kwa omanga nyumba pamtengo wake. Ankavala malaya ositidwa bwino, ndipo mwala sanauswepo ndi umodzi womwe.

"Amayi anga, mukufa ndi msana ine ndilipo?" anatero, akutulutsa m'thumba kapusozi wobiriwira mbali ina, wachikasu mbali inayo. "Uyu ndi panado wamkulu. Woyambayu ndi waulere, mundipempherere basi."

Mayi Elube anaupempherera kapusoziyo monga ankachitira ndi chilichonse cholowa m'kamwa mwawo, nameza. Ola lisanathe msana unali zii, thupi litapepuka, ndipo mumtima munali mtendere umene anali asanaumve chichokereni mwana wawo. Tsiku limenelo anadzaza wilibala dzuwa lisanalowe. Sabata yotsatira ankadzaza ziwiri. Anzawo onse pamiyalapo, kuphatikizapo Lois amene ankakhala naye moyandikana, ankamwa kale makapusoziwo, ndipo ankangowatcha ka msana. Palibe anafunsa dzina lake lenileni. Mankhwala ochokera m'kapepala konyezimira, olembedwa Chingerezi, angakhale bwanji oipa?

Mmodzi patsiku anasanduka awiri. Pofika kumapeto kwa 2023 anali asanu ndi mmodzi, ndipo Zebedee ankachotseratu mtengo wake asanapereke ndalama ya kwale. Mawilibala anawonjezeka katatu, koma chobwera nacho kunyumba chinachepa kuposa kale. Mayi Elube ankawodzera pa maphunziro a Baibulo, ankadzikanda m'mikono, chilakolako cha chakudya chinatha. Ankati ndi ukalamba. Anali ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri.

Mu Januwale mpingo wawo unalengeza masiku atatu osala kudya, monga unkachitira chaka chilichonse. Ena onse ankamasula madzulo alionse, koma mtsogoleri wa amayi sakanachita ngati wina aliyense. Mayi Elube analonjeza pamaso pa anzawo kuti masiku atatu onse m'kamwa mwawo mudzalowa madzi okha. Makapusozi anawatsekera m'kachitini ka singano, poganiza kuti wosala weniweni amapirira ngakhale msana.

Tsiku loyamba linatha ndi kuyasamula kosalekeza ndi mamina. Tsiku lachiwiri anadzuka thukuta lili noninoni koma akunjenjemera ngati wa malungo. M'mimba munkapota, miyendo inkakana kukhala malo amodzi, pakhungu pankayenda zinthu ngati nyerere, ndipo anali ndi mantha aakulu osadziwa chimene akuopa. Anaganiza kuti Satana wakwiya ndi kusala kwawo, nalimbika.

Tsiku lachitatu masana, pakati pa mapemphero, anagwa pakati pa mabenchi. Anagubuduka pansi, anang'amba mpango wawo, anadzikanda mpaka magazi, akukuwa kuti awachotsere zinthu zimene zikuwakwawa. Mawu amene anatuluka m'kamwa mwa mayi wolangiza mabanja uja anachititsa atsikana a kwaya kutseka makutu.

"Chiwanda!" anafuula mmodzi wa akulu a mpingo. "Chabisala zaka zonsezi, kusala kwachiulula!"

Anawazungulira, nawagwira manja ndi miyendo. Maola atatu athunthu anthu anasinthana kudzudzula chiwandacho mpaka mawu kusasa, koma Mayi Elube ankangoipiraipira. Nthawi yomasula itakwana, Lois, amene ankapemphera mpingo womwewo, anagwada pafupi ndi mutu wawo ali ndi kapu ya madzi.

"Amake Lucious, mwasala mokwanira," anawanong'oneza. "Nthawi yakwana. Imwani madzi, ndi ka msana kanu aka, mwagubuduka kwambiri pa simenti."

Anawaika makapusozi awiri pa lilime. Mapemphero anapitirira. Ola lisanathe kunjenjemera kunaleka, nyerere zija zinachoka, ndipo Mayi Elube anakhala tsonga, namanga mpango wawo bwinobwino. Tchalitchi chinagwedezeka ndi nthungululu. Lamlungu anawaimika kutsogolo, ndipo anachitira umboni kuti chiwanda chinawagwira koma pemphero linachitulutsa. Mbiri yawo inakwera kuposa kale: tsopano anali mayi amene analimbana ndi chiwanda nachigonjetsa.

Koma iwo ankadziwa zimene anamva m'thupi mwawo. Maola atatu a mapemphero sanasinthe kanthu. Mtendere unabwera ndi zimene Lois anawamwetsa. Ganizo limeneli linawadya sabata ziwiri. Kenako m'mawa wina anatenga kapepala kopanda kanthu ka makapusoziwo, nakakhala pamzere ku chipatala chaching'ono.

Namwino amene anawalandira, dzina lake Kate, anatembenuza kapepalako, nawerenga, nawayang'ana nthawi yaitali.

"Amayi, mumamwa angati patsiku?"

"Asanu ndi mmodzi. Ntchito ikachuluka, asanu ndi awiri."

Kate anaika cholembera pansi. "Ndipo simunagwepo ngati wa khunyu? Mulungu amakukondani. Awa si panado, amayi. Dzina lake ndi tramadol. Ndi a mtundu umodzi ndi mankhwala amene timapatsa anthu ovulala kwambiri kapena ochitidwa opaleshoni, ndipo sayenera kugulitsidwa popanda kalata ya dokotala."

Mayi Elube anafotokoza za masiku atatu aja. Kate anamvetsera mpaka kumapeto.

"Ndikufotokozereni chimene chinachitika," anatero. "Ubongo wa munthu uli ndi mankhwala akeake ochepetsa ululu ndi okhazika mtima pansi. Mankhwala awa akalowa amakhala m'malo mwa aja, ndipo amagwira mwamphamvu kuposa. Mukamwa tsiku ndi tsiku, ubongo umazolowera, umasiya kudalira zake, ndipo mlingo wa dzulo sukwananso lero. Ndiye mukasiya mwadzidzidzi, zonse zimene mankhwalawo anapondereza zimadzuka nthawi imodzi: ululu, mantha, kutsegula m'mimba, nyerere zija. Sichinali chiwanda. Linali thupi lanu likulirira chimene munalizoloweretsa."

"Kulirira," anabwereza Mayi Elube. "Ngati momwe chidakwa chimalirira mowa?"

"Njira yake ndi yomweyo."

"Nanga poyerekeza ndi chamba?"

"Chamba nacho chili ndi mavuto ake, sindikuchiyamikira. Koma awa kuwasiya n'kowawa kwambiri, ndipo mukachulutsa angakupheni."

Mayi Elube anagwira m'mphepete mwa tebulo. Zaka ziwiri anaimirira kutsogolo kwa amayi anzawo kudzudzula makolo olekerera ana oledzera, makapusozi ali m'mimba. Anakumbukira buluku lija, kampukutu kaja kochepa ngati chala cha mkombaphala, ndi mwana wawo akukutumula fumbi pa malaya.

Kate anawalembera ndondomeko yochepetsera pang'onopang'ono, nawachenjeza kuti asadzasiyenso mwadzidzidzi. Kuchokera kumeneko anapita molunjika pamiyala, napeza Zebedee akuwerenga mawilibala.

"A Zebedee, mumadziwa chimene mumatimwetsa?"

"Ndimadziwa kuti msana unasiya," anayankha akuseka. "Kapena ukupwetekabe?"

"Mwatisandutsa zidakwa, bambo inu! Amayi onsewa!"

"Aaa, amayi a mpingo, mawu amenewo ngakhale pang'ono. Ndinakutsegulani pakamwa ine? Si inu munkandithamangira mpaka pa siteji ndikachedwa? Ndiye tamverani, ine ndimagula kwa odzaza ziwiri patsiku. Wofuna kuswa ndi mapemphero aziswa, ogula akamupeza kumwamba."

Amayi ena anaweramira miyala yawo. Lois yekha ndiye anadzutsa mutu, kenako anaweramanso. M'nsonga ya chitenje chake munali mfundo ya makapusozi a tsikulo. Kwale amene amaswa amayiwa wamanga nyumba za mipanda yaitali mumzinda uno, ndipo eni nyumbazo sanafunsepo kuti mayi wa msana wothyoka amadzaza bwanji mawilibala awiri dzuwa limodzi. Zebedee akadali pamalopo mpaka lero. Palibe anamuletsapo.

Kumupeza Lucious kunatenga mwezi. Wina anati ali ku Mgona, wina anati anapita ku Joni. Anakamupeza pa siteji ya ku Area 36, akuitanira anthu m'minibasi, atawonda, mawu atasasa. Atawaona anasiya chitseko cha minibasi, nabisa manja kumbuyo ngati mwana wasukulu.

"Amayi. Kwagwanji? Kuli maliro?"

"Kulibe maliro, mwanawe. Ndabwera kudzakutenga."

Anapatukira kuseri kwa okala ina, ndipo Mayi Elube anamuuza zonse, osabisa ngakhale za pa simenti ya m'tchalitchi. Lucious anamvetsera kukamwa kuli yasa. Kenako anaseka, kuseka kosakondwa.

"Tramadol? Inuyo amayi? Sikisi patsiku? Akondakitala kuno amamwa atatu, ndipo timawatcha openga!" Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Umboni wanu uja unafika mpaka kuno. Anyamata ankandiseka kuti mayi ako amagonjetsa ziwanda, iwe unawakanika."

"Ndinalakwa, Lucious. Tiye kunyumba."

"Ndipite ngati ndani? Pa lendi paja aliyense amandidziwa kuti ndine wachamba uja anathamangitsidwa ndi mayi woyera. Amayi a pamenepo akandiona amachotsa zovala pa chingwe." Kenako analankhula mofatsa. "Sindikukana, amayi. Koma munandithamangitsa pamaso pa anthu, ndipo anakuomberani m'manja. Mukaimenso pamaso pa anthu omwewo, muwauze chimene chinakugwetsani. Mukatero mudzandipeza pakhomo ndi chikwama changa."

Minibasi inaliza hutala, kondakitala akumuitana mwachipongwe, ndipo Lucious anathamangira ntchito yake.

Papita miyezi inayi. Mayi Elube atsika kufika pa makapusozi awiri patsiku, olandira kuchipatala. Msana wabwerera ndi ukali wake wonse, wilibala yabwerera pa tsiku ndi theka, ndipo Zebedee sagulanso kwa iwo. Mphasa ya Lucious anaichapa, naiimika pakona.

M'tchalitchi mwawo, ulaliki usanayambe, mkulu wa mpingo amafunsa ngati alipo wofuna kuchitira umboni. Mayi Elube amadziwa kuti pa mabenchi a amayi pali ena asanu a pamiyala paja amene amamanga mfundo yomweyo m'chitenje, ndipo amayiwo amakhulupirirabe kuti chinali chiwanda, chifukwa anawauza ndi Mayi Elube omwe. Mawu onse oulula zoona anawakonza kale. Amawabwereza akuswa miyala. Lamlungu lapitali anagwira benchi lakutsogolo, nadzuka mpaka mawondo kuwongoka. Mkulu wa mpingo anamwetulira.

"Tiwalandire amayi athu ogonjetsa ziwanda!"

Mpingo unaomba m'manja, nthungululu zinalira. Mayi Elube anayang'ana nkhope zonsezo, natsegula pakamwa, koma anangoyambitsa nyimbo.

Mphasa ija ikadali chiimire pakona.