Tsiku Lomwe Anakhazika a Kanta Kumbuyo

Ndikangotchula dzina la a Kanta, mphuno zanga zimadzaza lubani ndi anyezi wokazinga, fungo lija linkalowa pansi pa chitseko changa m'mawa uliwonse ku Edmonton, kabelu kawo kopempherera kakulira, ngili ngili, ngili ngili. Mafulati athu anali oyang'anizana. Ine ndinapita ku London kukalera adzukulu zaka za m'ma 2000 zitangoyamba, Chingerezi changa chili cha "halo" ndi "thenkyu" basi. Tsiku lina ndikudandaula ndekha pa masitepe za maondo angawa, mayi wachimwenye wovala zoyera anandiyankha kuti, "Pepani mayi, ukalamba umenewo." Ine thumba pansi! Mmwenye wa ku Limbe, wobadwira kuseri kwa sitolo, Chichewa chili m'kamwa ngati changa! Ndinavina pa masitepe pomwepo, maondo ndawaiwala.

Anali wamasiye ngati ine. Amuna awo anamwalira mwana wawo Mina akuyamwa, ndipo anamulera okha ndi mashini osokera. Mashini aja ankalira tsiku lonse, kufupikitsa mathalauza a anthu, kusintha mazipi a anthu, mpaka Mina anamaliza yunivesite ku Greenwich. Achibale a amuna awo? Ngakhale mmodzi sindinamuonepo pa masitepe athu.

Koma ukwati wa Mina utamveka, anabwera. Anabwera a Rameshi, akulu ake a malemu, mimba patsogolo. Anabwera akazi awo a Sarula, zibangili mpaka m'zigongono, mphuno m'mwamba ngati fulati ikununkha.

Ahindu, ukwati usanafike, amapaka mkwatibwi phala lachikasu la tameriki kumaso, m'mikono ndi m'miyendo, azimayi akuimba, kuti mwana awale. Phala lija anakonza a Kanta ndi manja awo. Ndinalowa ndi nthungululu, ndinaona Mina ali pa kampando pakati, azimayi akumupaka mmodzimmodzi, ndipo ngakhale ine anandipatsa mbale ndipakeko. Ndinayang'ana uku, ndinayang'ana uko, mayi wa mwana palibe. Ndinakawapeza kukhitchini akutsuka makapu.

"A Kanta, mukutani kuno? Mwana wanu ali uko!"

"A Sarula ati dzanja la wamasiye limabweretsa tsoka pa ukwati."

"Tsoka? Dzanja lomwe lamudyetsa mpaka kukula lero lasanduka tsoka? Dikirani ndikawaone a zibangiliwo."

Anandigwira chitenje ndi manja onyowa. "Anabanda, kwiyani mumtima, osati pakamwa. Ndikamukhudza, mawa mwamuna wake n'kudwala, sadzanena ndi iwo okha ayi. Ine ndemwe ndidzati ndine."

Apo mpamene zinandipweteka kwambiri. Kuwathamangitsa kokha sikunawakwane, anafika powaopsa ndi manja awoawo. Ine ndikuzidziwa zimenezi. Abambo a ana anga atamwalira ku Chiradzulu, alamu anga anabwera ndi ngolo kudzanyamula mpaka mabulangete, akuti ndi mwambo. Mwambo umene umadziwa khomo la wamasiye tsiku lotenga lokha!

Ukwati unachitikira mu holo ina ku Romford. Ayi, kukongola kunalipo, sindingabise. Ng'oma panja, anyamata akuvina mkwati ali pakati, mkati chisakasa cha mizati inayi atachikuta maluwa, Mina ali mu nsalu yofiira ndi yoyera, manja olembedwa maluwa mpaka m'mikono. Mtima wanga unkafuna kuimba, koma mkwiyo sunandilole.

Pakhomo, mayi wa mkwatibwi ndi amene amalandira mkwati n'kuyesa kumutsina mphuno, kuti akumbukire kuti wabwera kudzapempha mwana wa eni. A Kanta anakhala akuseka za zimenezi miyezi yonse: "Mphuno ya mkamwini wanga ndi yaitali, sindingaphonye." Anatsina ndi a Sarula. Anthu kuseka, makamera kuthwanima, ife tili pa mzere womaliza, pafupi ndi pokoleka majekete.

Wansembe anayatsa moto m'kambale kachitsulo, akuthiramo mafuta, akuimba mawu awo akale. Inafika nthawi yopereka mwana, pamene makolo amatenga dzanja la mwana wawo n'kuliika m'dzanja la mwamuna. Anakhalapo a Rameshi ndi a Sarula. Kupereka chomwe sanalere! Mina anakweza maso kufunafuna kumbuyo, a Kanta anaweramitsa mutu kuti asaonane naye. Awiri aja akuzungulira moto, nsalu zawo atazimanga pamodzi, a Kanta ankanong'ona mawu onse a wansembe, osaphonya ngakhale amodzi, misozi ikugwera pa nsalu yawo yoyera ya umasiye. Ine mano gwa, mpaka nsagwada kuwawa.

Titadya, anthu anakhamukira kukhomo kukatsanzika mkwatibwi. Ndinaona akumupatsa Mina mpunga wosaphika m'manja.

"Nanga uwo ndi wa chiyani?"

"Auponya kumbuyo osacheuka," anatero a Kanta. "Kuthokoza nyumba yomwe inamudyetsa. Mayi amawakha mu nsalu."

Ndinayang'ana, a Sarula aima kale kumbuyo kwa Mina, atatambasula nsalu yawo yagolide.

Apo sindinafunsenso munthu. Ndinagwira a Kanta pamkono, ndinawakoka pakati pa anthu iwo akuti "Anabanda, Anabanda, chonde," ndinafika pa a Sarula ndinati "Ekisikyuzi mi," thako langali n'kuchita zotsalazo. Zibangili zinalira mpaka kukhoma. Ndinagwira nsonga ya nsalu yoyera ya a Kanta n'kuitambasula ndekha, ndipo mpunga unagwa. Unagwa! Mina anaponya, anaponyanso, wonse waa mu nsalu ya mayi wake! Ndinaimba nthungululu yomwe Romford sanaimvepo. A Rameshi anandilalatira m'Chingerezi chambiri, ine ndinangoti "thenkyu."

A Kanta anakhala masiku osandilankhula. Kenako anagogoda pakhomo panga, nkhope ili gwa.

"Munandichititsa manyazi pamaso pa anthu."

"Eya, ndinatero."

"Mukanati muchedwe pang'ono," anatero, "mpunga uja ukanagwera kwa Sarula."

A Kanta anatisiya, Mulungu awasunge. Mwamuna wa Mina ali moyo mpaka lero, wonenepa, sadwala ngakhale chimfine, ndipo ana awo amanditcha agogo. Tsoka lija likadali m'njira kapena linasochera pa basi, kaya. Koma mkwiyo wanga sunazizire ayi, ndipo sindikufuna uzizire. Ukwati uliwonse umene ndapitako, wa kutchalitchi kapena wa kuholo, sindiyamba ndi kuona diresi. Ndimayamba ndi mzere womaliza, kuona amene amukhazika kumeneko, n'kumufunsa kuti, "Mayi, inu ndinu ndani wa mwanayu?"