Mawaya Atatu a Bambo Anga

Wailesi ija anaipanga ndi mwamuna wanga. Ankakonza mawailesi ndi mafoni pa Namadzi, ndipo tizidutswa totsala ankabwera nato kunyumba m'kathumba ka shuga. Sinkagwira nyimbo zokha. Ukapotoza pang'onopang'ono unkamva anthu akutali akuitanana pa Chingelezi, aliyense ali ndi makina ake kunyumba kwake.

Amene anaikonda kwambiri ndi bambo anga ondibala, omwe maso awo anasiya kuona kalekale. Mwamuna wanga atapita kukagwira ntchito ku Joni, wailesiyo inatsala pamiyendo pawo.

Koma inkadya mabatire ngati mbuzi yalowa m'dimba. Ikazima, bambo ankangozungulira pakhomo, kukhala apa, kudzuka, kukhala apo. Batire yaikulu ya sola tinali nayo, koma imatulutsa mphamvu ya twelofu, pamene wailesi imafuna sikisi ndipo foni imafuna faifi. Mwamuna wanga anandichenjeza pafoni: "Usayerekeze kuilumikiza ku twelofu. Ikapsa, palibe angaikonze kumeneko."

Sukulu ndinalekera Sitandade 5, koma ndinali nditamugwirira mawaya nthawi zambiri iye akuwotcherera. Ndinatenga kalendala yakale n'kuyamba kujambula kuseri kwake: njira imodzi yochokera ku batire, yogawikana patatu. Njira ya mababu ounikira m'nyumba izingodutsa. Ziwiri zinazo zidutse m'tizitsulo takuda ta miyendo itatu, tomwe timatsitsa mphamvu. Ndinajambula kanayi. Koyamba ndinaiwala fyuzi, kawaya kodula moto ukachuluka. Kachiwiri ndinapanikiza tizitsulo tija, chonsecho timatentha. Ndinkaziganiza ndili pamjigo, ndili pachigayo, ngakhale poyamwitsa.

Chovuta chinali kukagula zipangizo. Sitolo yake pa Namadzi pamadzaza amuna. Ndinadutsa pakhomo pake katatu mwana ali kumsana, ngati ndikufuna tomato. Nditalowa, mwini sitolo anandizindikira.

"Mlamu, mwatenga udindo? Ndiye ku Joni kuja azingokhala, injiniya tamupeza!"

Onse anaseka. Ndinangomupatsa pepala langa. Analiyang'ana nthawi yaitali, kenako n'kunena kuti, "Tizitsuloti mutimangirire pa chitsulo china, tingapse." Ndinagwedeza mutu. Chivundikiro cha poto wakale ndinali nditadula kale.

Ndinawotcherera masiku atatu, chitsulo chowotcherera ndikutenthetsa pambaula. Mita ya mwamuna wanga yoyezera magetsi inandionetsa twelofu, sikisi ndi faifi. Mapulagi onse atatu anali ofanana, chifukwa ndi omwe ndinawapeza m'kathumba kaja. Choncho ndinamanga ulusi pa waya uliwonse: wofiira pa twelofu, wobiriwira pa sikisi, woyera pa faifi.

"Bambo, wa wailesi ndi wobiriwirawu," ndinatero.

"Chabwino, mwananga."

Bambo amadziwa pamene pali chilichonse m'nyumba, mpaka singano. Timaiwala kuti saona, ndipo iwo sakonda kutikumbutsa.

M'mawa mwake ndinatenga foni kukathyola nandolo. Pozula pulagi yake ndinazula onse atatu, kuti mbuzi zingakoke. Dengu litafika pakati, ndinaona ulusi wobiriwira utatsalira pachitenje changa. Wobiriwira! Bambo audziwa bwanji?

Dengu ndinalisiya pamzere. Ndinathamanga mwana akudumpha kumsana, akulira. Amayi ena panjira anandifunsa ngati kwagwa zovuta, ine ndinangodutsa. M'mutu mwanga ndinkamva kale fungo la waya wopsa.

Ndinawapeza pakhonde, wailesi ili pamiyendo, mawaya atatu ali pakati pa zala zawo.

"Bambo, musalumikize!"

"Pumira kaye, iwe, ungamugwetse mdzukulu wanga. Chichokere iwe ndakhala ndikuwafunsa anyamatawa kuti wobiriwira ndani. Onse ali duu."

Ndinakhala pansi. "Bwanji simunandiuze dzulo?"

"Unali utakondwa. Ndimati ndikulande chimwemwe chifukwa cha ulusi?"

Tsiku lomwelo ndinadula pulagi ya twelofu, n'kumangirira waya wakewo ku mababu kuti usadzazukenso. Pa waya wa sikisi bambo anamanga okha mfundo ziwiri zazikulu ndi luzi. Anapapasa, napeza mfundo zawo, nalumikiza. Wailesi inachita phokoso lake lija ngati mvula pamalata, kenako munthu wina wakutali anayamba kuitana mnzake.

"Ameneyu ndiye amandisowa," anatero bambo, akukhazikika bwino pampando.

Nditabwerera kumunda ndinapeza mbuzi zitayamba kale dengu langa.