Khomo limene katswiri anatsegula mu seva yathu

Ntchito yanga yoyamba inali pa ofesi ya bungwe la alimi ku Katete. Ndinkalowetsa mayina a mamembala mu databesi, n'kujambula zitupa zawo. Mayina ankakhala m'kati mwa databesiyo, koma zithunzi za zitupa tinkazisunga padera, mu foda ya zakale, momwe poyamba munali mafayilo osafunika. Tonse pa ofesi tinkadziwa zimenezi. Popanda chithunzi cha chitupa, mlimi sankalandira mbewu ndi feteleza. Agogo anga, amene anandilera makolo anga atamwalira, anali m'gulu la alimiwo.

Seva, kompyuta yaikulu yosungiramo zonsezi, itayamba kudzaza, a manijala anaitanitsa katswiri wa ku Lusaka. Anafika Lachiwiri, nsapato zosongoka, mafoni awiri m'manja, perefyumu yake kudzaza chipinda chonse. Moni anapereka kwa a manijala okha.

"Mukuvutikiranji kufufuta pamanja ngati anthu akumudzi?" anatero. "Databesi iyi ingathe kulamula kompyuta yonse."

Anafotokoza kuti mu databesi muli khomo lotumizira malamulo ku kompyuta yeniyeniyo: kopera ichi, fufuta icho. Opanga ake amalitseka dala, chifukwa lamulo lodutsa pamenepo limayenda ndi mphamvu za seva ndipo silifunsa kawiri. Iye ankanena zimenezi akuseka, ngati kuti amene anatseka khomolo anali amantha. Analitsegula, n'kulemba lamulo loti Lachinayi lililonse m'mawa databesi izisesa foda ya zakale.

Ndinali kumbuyo kwake, ndipo dzina la fodayo ndinaliwona. Kwathu mwana wamasiye sadula mawu mlendo, makamaka pamaso pa akuluakulu. Ndinadikira kuti apume.

"Pepani bambo, mu foda imeneyo muli zitupa."

Sanatembenuke. "Sisi, tiyi uja wafika pati?"

A manijala anaseka mokweza kuposa mmene nthabwalayo inkafunira. "Musamuwerengere uyu, ngwa phee koma lero wadya chiyani kaya." Ndinapita kukaphika tiyi. Katswiriyo anamwa, nadandaula kuti shuga wachepa, nakwera basi ya madzulo.

Lachitatu ndinawakumbutsa a manijala. Anandifunsa ngati ndinapitako ku yunivesite. Ndinapempha kuti ndikopere zithunzizo pa fulashi, anati fulashi imabweretsa mavairasi, katswiri waletsa.

Lachinayi m'mawa foda inali mbee. Mayina onse analipo mu databesi, atandandalikidwa bwinobwino, koma popanda chitupa n'chimodzi chomwe. Mndandanda wa olandira mbewu ndi feteleza unkayenera kutumizidwa Lolemba.

A manijala anamuimbira katswiri uja, foni ili pa sipika.

"Lamulo lagwira ntchito bwino lomwe," anatero katswiriyo, akutafuna chinachake. "Ndani amasunga zinthu zofunika mu zinyalala? Phunzitsani ma staff anu, bwana."

"Zoona, zoona," anatero a manijala, akugwedezera mutu foni.

Palibe anandiyang'ana. Ndikanakonda akanandikalipira.

Masiku atatu otsatirawo tinayendayenda kujambulanso zitupa. Ine ndinakwera njinga yamoto kupita ku Mkaika, kumene agogo ankakhala. Agogo ndinawapeza akusosa m'munda. Anapukuta manja pa chitenje, nakatenga chitupa chawo m'chitini chosungiramo mapepala.

"Si unajambula kale, iwe?"

"Makina anafufuta, agogo."

"Okha?"

"Anawauza munthu."

"Wophunzira?"

"Kwambiri."

Anangoti hmm, nabwerera ku khasu lawo.

A ku Katete ndi ku Sinda ambiri tinawapeza, ndipo agogo analandira matumba awo. A ku Vubwi ayi. Ndi kutali, mafoni ambiri sankagwira, ndipo ena anali atawolokera ku Malawi kumaliro. Amenewo anachotsedwa pa mndandanda wa chaka chimenecho. Mvula itagwa, bambo wina wa kumeneko anafika pa ofesi atavula chipewa, kudzafunsa chimene analakwa. A manijala analowa m'chipinda chawo n'kutseka chitseko. Ndine amene ndinamuuza kuti dzina lake lilipo mu databesi, koma mbewu palibe.