Phiri Lofunda Nkhungu

Kukachita chiperoni ngati lero, fungo la dothi lonyowa limandibwezera kwathu ku Lirangwe, nthawi ya boma la atsamunda la Chitaganya.

M'mawa wina, mvula ikuwaza, bambo anandigwira dzanja. "Tiye tipikisane, Esinati. Sankha phiri."

Ndinaloza lapafupi, looneka bwino.

"Ilo n'la ana," anatero. "Akatswiri amathamangira lofunda nkhungulo."

Tinaliyatsa liwiro, matope akutuluka pakati pa zala zakumapazi, udzu wonyowa ukundikwapula miyendo. Ndege yochokera ku Chileka inkalira pamwamba pathu, koma sitinaione. Pansonga ndinayamba kufika ndine.

Ndinadzamva nditakula kuti tsikulo asilikali ankagwira amuna m'mudzi mwathu, ndipo bambo ankafuna phiri loti ndegeyo isatione. Koma mpikisanowo ndinapambana ndine, ndipo sindilola wina anditsutse.