Maungu a Kuseri kwa Eyakoni

Amene eyakoni, makina oziziritsa aja, amangoionera m'nyumba sadziwa kuti panja pamakhala chibokosi chake chachitsulo, chopukusa fani usana wonse, cholavula kutentha konse kumene chachotsa m'nyumbamo. Ine ndimachidziwa bwino chibokosicho, chifukwa kunyumba imene ndinkagwira ntchito ku Protea Park anachikhazika moyang'anizana ndi windo la kachipinda kanga ka kuseri. Madamu akafunda kansalu pa sofa kuti kwazizira, ine uko thukuta lili kamukamu.

Chabwino chake chinali chimodzi. Pansi pake panali kapaipi kodontha madzi, dontho dontho, tsiku lonse. Ndinatcherapo chigubu chodula pakamwa. Madzi a m'mpopi madamu ankawaumira, koma awa palibe ankawafuna.

Pamene ndinkabwera kuno ku Joni, mayi anga anandimangira nthangala za maungu pakansanza. Anali maungu akwathu ku Ntcheu, aja a khungu la tiziphuphu, ofumbutuka ngati mbatata. Ndinakhala nazo osadzala, poti m'malo a lendi ku Chaneng, kumene ndinkakhala poyamba, ukanadzala pati? Mayi atamwalira ndinalephera kupita kumaliro, mapepala anga sanali bwino. Sabata yomweyo ndinamasula kansanza kaja, n'kukwirira nthangala zonse m'kadothi ka pakati pa chibokosi ndi windo langa. Zonse, osasiyako ndi imodzi yomwe. Zambiri zinali zitafa ndi kukhalitsa, unatuluka mmera umodzi.

Koma ndiye unakondwa! Madzi a eyakoni aja unkamwa m'mawa ndi madzulo. Unayanga pakhoma, n'kukwera pachibokosi, masamba ake akuluakulu n'kuphimba mbali imene kunkatulukira mpweya wotentha. Kachipinda kanga kanayamba kukhalika. Ndinkatsina nkhwani pang'onopang'ono, koma mtima unali pa timaungu tiwiri tanthete timene tinagwira. Ndinkangoti akhwime, ndipeze mbewu.

Disembala wa chaka chimenecho kunatentha mosasewera, ndipo m'nyumba munasiya kuzizira. Abwana, amene ankagwira ntchito mu ofesi ya kumgodi, anayamba kulusa kuti makina akungodya magetsi. Ananditseketsa makatani onse a mbali ya dzuwa. Anandiuza kuti ndizitsuka tisefa ta m'kati, timene tinkadzaza fumbi la kumigodi. Zitseko ndizitseka, uvuni ndisayatse masana. Ndinachita zonse, ndikudziwa mumtima kuti kuseri sanafikeko.

Kenaka anaitana wokonza. Anali bambo wa ku Tete, wolankhula Chinyanja chomveka bwinobwino. Atazungulira kuseri anaima, n'kuseka.

"Achemwali, munda uwu ndi wanu?"

"Ndi wanga, achimwene. Chonde, angotsala pang'ono kukhwima. Ndi mbewu ya malemu mayi anga, ina ndilibe."

Anasuzumira kumbuyo kwa chibokosi, nandionetsa. Timinwe ta maungu tinali titalowa m'tizitsulo topyapyala ta kumbuyoko, masamba ouma atamatirira pomwe mpweya umalowera.

"Makinawa akubanika," anatero. "Akapsa, adzati ndine. Pepani, ntchito."

Sananame ayi, ndipo n'chimene chimandipsetsa mtima mpaka lero. Akananama bwenzi ndikumutukwana n'kupepukidwa. Ndinamupempha kuti tingoukankhira pambali, iye anati tsinde lamera pamalo pomwe payenera kukhala poyera, ndipo anakawauza abwana momwemo.

Madamu anabwera atagwira chipewa. Zaka zonsezo anali asanapondeko kuseriko. Anayang'ana masamba, osayang'ana windo langa lomwe linali pamphuno pawo.

"Uchotse zonsezi lero," anatero. "Ukafuna dzungu ndikugulira kushopu."

Kushopu! Ngati ndinawauza kuti ndili ndi njala.

Anandipatsa chisizasi cha maluwa, ndipo ndinadula ndekha. Wa ku Tete uja ankapopera madzi pachibokosi, osandiyang'ana. Atatha analumikiza kapaipi kaja ndi paipi ina yopita kungalande, akuti chinyontho chimaononga khoma. Ndiye ponyamula zitsulo zake, wopanda manyazi, akuti: "Achemwali, nkhwaniyu mutaya? Akazi anga amulakalaka."

Ndinamupatsa. Ndikanatani naye? Pakhosi panga sakanadutsa.

Madzulo ake m'nyumba munazizira mpaka madamu anayetsemula. Abwana anandiitana kuti ndiimirire pansi pa makina ndimve kusiyana kwake, ndipo ndinavomera kuti eya, kwasiyana. Kuchipinda kwanga mpweya wotentha unali ukuombanso pawindo mopanda chotchinga, khoma likutentha ngati chiwaya.

Timaungu tija ndinatiika padenga kuti mwina tikhwimira padzuwa. Ndinkadziwa kuti sizitheka, komabe ndinatiika. Titayamba kufota ndinating'amba. Nthangala zake zinali zoyera, zopyapyala, ukazifinya zongotuluka madzi.

Ndinaimbira mlongo wanga kumudzi kuti andisungireko za m'munda wa mayi, adzapatsire wa basi. Anayamba waseka.

"Inu achemwali, munda uja tinabwereketsa kalekale, anthu akulimamo soya. Maungu amene aja kuno anatha. Ife timati mbewu ili ndi inu."